Sitata Itakana pa Mlatho

Telala anatseka shopu mochedwa chifukwa cha diresi la mkwatibwi limene analisomola kawiri. Mwana wake wamkazi anali m'basi yausiku kuchokera kusukulu, ndipo iye anali atalonjeza kuti basiyo ikamafika, akhala ali kale pa depoti. Malo amenewo, mabasi akatha, si oti mtsikana n'kukhalapo yekha.

Atafika m'chigwa, pa mlatho wa pafupi ndi manda, foni inalira n'kugwera pansi pa mpando. Anaimitsa galimoto, n'kuzimitsa injini, ndipo anapapasa pansipo mpaka anaipeza.

"Adadi, ndafika. Anzanga onse atengedwa kale, komanso foni yangayi ikutha moto."

"Khala pomwe pali magetsi. Ndikubwera."

Anapotokola kiyi. Zii.

Anapotokolanso. Sitata sinachite ngakhale kutsokomola.

"Iwe, lero ndiye ayi," anatero akumenya chiwongolero. Galimotoyi anaigula kwa mayi wina wamasiye, ndipo inali isanamuchititsepo manyazi.

Anayatsa magetsi, anawala bwinobwino. Hutala inalira mpaka agalu a kutali anayankha. Ndiye kuti batire linalibe mlandu. Anaonetsetsa kuti giya ili pa nyutulo. Anatsekula boneti n'kugwedeza mawaya a pa batire, onse othina. Anazula mafiyuzi n'kumawaunika ndi foni, palibe lopsa. Kenako anatenga sipanala ya matayala, n'kugogoda sitata monga amachitira anthu, n'kuthamangira pa kiyi. Zii. Anagogodanso mwaukali, mpaka anadzisupula chala. Zokankha sanaganizeko n'komwe, pakuti kutsogolo kunali chitunda, kumbuyo chitunda.

Anaimbira mwana uja. Foni ya mwanayo inali itazima.

Anamenyetsa chitseko, n'kukiya, n'kuyamba wapansi.

"Mukuisiya pomwepa?"

Pa chitsulo cha mlatho panakhala bambo wamfupi, wovala jekete yomanga mabatani onse. Telala anali asanamuone muja amalimbana ndi galimoto.

"Yakana kulira. Ngati muli amakaniko, ndithandizeni."

"Mwaimenya ndi sipanala," anatero bamboyo modandaula. "Sitata imeneyo sinalakwe kanthu."

"Nanga chalakwa n'chiyani?"

"Chitseko mumachimenyetsa. Mpando nawo mwaubweza kwambiri."

"Achimwene, miyendo ndi yanga, galimoto ndi yanga. Ine ndili pa changu!"

Bamboyo anatsika pa chitsulo paja n'kulunjika ku galimoto, ndipo Telala anamutsatira akung'ung'udza. Ndi pomwe anamva kuti pa miyala ya m'mbali mwa msewu pakulira nsapato zake zokha.

Anaima. Agalu aja anali atasiya kuuwa. Madzi pansi pa mlatho, phee. Kunazizira.

"Pisani dzanja pansi pa mpando," anatero bamboyo osacheuka. "Kumanzere, kuseri kwa chitsulo. Fulumirani, mwana akudikira."

Za mwana iye anali asanatchule...

Anatsekula chitseko. Anagwada. Anapapasa. Fumbi, kapepala ka switi, chitsulo chozizira... kenako kanthu kakang'ono. Kaswichi! Ayenera kuti anakagunda muja amasaka foni. Anakakankha. Anapotokola kiyi.

Vuuu!

Anadzutsa mutu kuti athokoze. Magetsi anaunika mlatho wonse mpaka ku mitengo ya kumanda. Panalibe munthu.

Pa depoti anapeza mwana wake atakhalira sutikesi pansi pa nyale, amuna awiri oledzera atamuika pakati. Ataona galimoto ikuima, amunawo anazemba.

"Mwachedwatu, adadi. Nanga mukunjenjemera chiyani?"

"Kukuzizira. Lowa."

M'mawa mantha anali atasanduka mkwiyo, ndipo anapita kwa mayi wamasiye uja. Anawapeza akuyanika zovala.

"Mayi, mungandigulitse bwanji galimoto yokhala ndi swichi yobisika osandiuza? Mwana wanga akanaona zakuda usiku wathawu."

"Swichi yotani, bambo? Ine sindikuidziwa. Kapena ndi zija ankapanga bambo a kuno. Ankaopa akuba moti Loweruka lililonse ankangokhalira kusokonezasokoneza mawaya, ndipo zinsinsi zawo sankauza munthu, ngakhale ine."

"Anauzako wina ndithu. Ndinakumana naye pa mlatho. Wamfupi, wa jekete, wolongolola ngati galimotoyo ndi yake."

Mayi aja anasiya kufinya malaya. Madzi ankangodontha pa phazi lawo.

"Anakudzudzulani za chitseko?"

Telala anavomera ndi mutu.

"Ndi iwowo," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Tinakawaika ku manda a pa mlatho aja mwana wathu womaliza akuyamwa. Pano akupita yekha kusukulu. Galimotoyo inakhala pa njerwa zaka zonsezo, ndinkalephera kuigulitsa." Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ine ndemwe za chitsekozo zinkanditopetsa."

Telala anatsanzika n'kubwerera ku galimoto. Polowa, mawondo anagunda chiwongolero. Mpando unali utasunthidwira kutsogolo, pa muyeso wa munthu wamfupi.

Anaubweza pang'ono chabe, ndipo chitseko anachitseka mwaulemu.