Mwamuna Wobwereka wa ku Sikelo

Ukwati wa Edina Kaliati unali umodzi mwa maukwati amene anthu a ku Nkhulambe ankawanena bwino. Anakwatiwa ndi Stafford Makina, munthu waulemu, wosamwa mowa, amene anabwera kuchokera ku Blantyre ndi chikwama cha mankhwala. Monga mwa mwambo, anamanga nyumba kwawo kwa mkazi, pafupi ndi apongozi. Ankalima limodzi nandolo ndi chinangwa, ndipo pobwerera kumunda makasu onse awiri ankanyamula ndi mwamunayo. Mudzi wonse unkamutchula kuti Adokotala.

Zoona zake n'zakuti Stafford sanaphunzirepo udokotala. Ankakolopa m'mawodi pa chipatala china cha mumzinda, ndipo kumeneko anaona mmene amabayira jakisoni, namva maina a mankhwala. Dzinalo sanadzipatse yekha. Analiyamba mayi wina amene mwana wake anachira malungo atamwa mapiritsi a m'chikwama chija. Stafford sanakane. Kusakanako kunasanduka kuvomera, ndipo kuvomerako kunabala nkhani za maopaleshoni amene ankati anachita ndi manja ake. M'kupita kwa zaka, akamafotokoza nkhanizo ankazikumbukiradi ngati zinachitika. Wabodza wamba amatopa chifukwa amasenza zinthu ziwiri m'mutu, choona ndi chonama. Stafford sankatopa. Anali atatsala ndi chimodzi.

Edina atatenga pakati, miyendo inayamba kutupa, mutu osaleka kuwawa.

"Bambo, ndiyambe sikelo," anatero tsiku lina akusola nandolo pakhonde. "Anamwino akuti tizipita ndi amuna athu. Obwera okha amawaona kumapeto."

"Ine ndikakhale pa benchi, kamtsikana kadzulodzuloli kazindiphunzitsa za mimba? Sikelo yako ndine. Imwa panado, ugone."

Stafford ankakhulupirira kuti akukana chifukwa cha ulemu wake. Koma pansi pa ulemuwo panali mantha amene sankawatchula ngakhale mumtima, akuti namwino angamufunse kumene anaphunzira.

Edina anapirira mpaka maso anayamba kuchita chidima. Kenako anachita zimene amayi ena amachita amuna awo akakana kapena akakhala kutali: anapempha wakabaza kuti akakhale mwamuna wake kwa m'mawa umodzi. Wakabazayo anali Redson, bambo wa ana atatu, wodziwika ndi nthabwala.

"Musadandaule, achemwali," anatero akupalasa. "Pa benchi imeneyo ndakwatirapo akazi ambiri. Kunyumba kwanga ndiye mmodzi yemweyo akundikanika."

Namwino anapeza kuti magazi a Edina akuthamanga kwambiri. Anamupatsa mankhwala, namuuza kuti azibwera pafupipafupi, ndipo bambo azibwera nawo kuti adziwe zizindikiro zoopsa. Bodza la m'mawa umodzi linafuna m'mawa wina. Edina ankakumana ndi Redson kuseri kwa chigayo kuti anthu asamuone akukwera, ndipo mankhwala ankawasunga kwa mayi ake. Munthu wobisa chinthu chabwino amayenda mofanana ndi wobisa choipa, ndipo oonerera sasiyanitsa.

Nkhani inafika kwa Stafford ndi Magret, wogulitsa tomato, amene nayenso anali woyembekezera. Anabwera kudzagula mankhwala a chifuwa.

"Adokotala, ndiye mwayamba kutumiza nthumwi? Ku sikelo akaitana bambo a mwana wa Edina akuyankha ndi Redson. Ndi magazi omwe anayezetsa limodzi, ngati banja. Ine sindinanene kanthu, ndangoona."

Edina pobwera kumjigo anapeza mwamuna wake ataima pakhomo.

"Mimbayi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, bambo. Redson ndinangomubwereka. Munakana ndinu."

"Kubwereka mwamuna ngati lichero? Iwe Edina, ukundiyesa mwana?"

"Namwino akuti ndikanachedwa ndikanakomoka, mwana n'kupita. Inu munkangondipatsa panado."

"Ukundiphunzitsa ntchito yanga?"

"Ntchito iti?" Edina anatula chidebe pansi. Sanakweze mawu. "Ndinadziwa kalekale. Alongo anu anandiuza tisanalowe m'nyumba ino kuti munkakolopa. Sindinakukondereni udokotala ine. Ndinangokhala chete poona kuti mukusangalala nawo."

Mawu amenewa akanatha kumumasula. Mkazi wake ankamuuza kuti anamudziwa mmene alili ndipo sanachoke. Koma Stafford anaona njira ziwiri zokha: mwina mkazi wake ndi wachigololo, kapena iye si dokotala. Anasankha imene inamupepukira.

"Wakuuza zimenezi ndi Redson," anatero. "Akufuna andilande mkazi, andilandenso dzina."

M'mawa mwake linali tsiku la msika. Stafford anapeza Redson pa siteji ya akabaza, akupopa tayala. Redson atamuona anaseka, poganiza kuti nkhani yatha bwino kunyumba.

"Adokotala! Ulendo winawu mupite nokha, ine benchi ija yandithyola msana."

Anzake anaseka nawo. Pambali pake panali munthu wogulitsa mipini ya makasu. Stafford anatola umodzi n'kumenya Redson m'mutu, kamodzi kokha. Redson anagwera pa njinga yake.

Anthu anakuwa. Wina anabweretsa njinga yamoto kuti athamange naye kuchipatala. Apa m'pamene panachitika chinthu chimene mboni zinavutika kuchifotokoza pambuyo pake. Stafford anataya mpini, nagwada pambali pa Redson, nkhope yake itasintha, mkwiyo wonse utatha.

"Sunthani, apume mpweya! Munthu wovulala m'mutu sakwera njinga. Ndine dokotala, ndimuona ndekha."

Ndipo anthu anasuntha. Anali atazolowera kumvera mawu amenewo ana awo akadwala, ndipo pa chisokonezo munthu amagwira chimene anazolowera. Anamuthandiza kunyamula Redson kupita pamthunzi wa mtengo wa mango. Stafford anamanga bala ndi chitenje, anatuma munthu kukatenga chikwama chake, nabaya jakisoni. Redson anatsegula maso, anafunsa za njinga yake, kenako anayamba kusanza ndi kuwodzera. Stafford anati kumeneko ndiye kuchira kwake.

Dzuwa litapendeka, mkazi wa Redson anafika kuchokera kumunda. Sanafunse chilolezo kwa aliyense. Anakankha Stafford, nakweza mwamuna wake pa njinga yamoto ija, iye atamugwira kumbuyo. Redson anatsirizika asanafike kuchipatala.

Mlandu unazengedwa ku khoti lalikulu patapita nthawi. Dokotala amene anayeza mtembo anati magazi ankadontha pang'onopang'ono mkati mwa mutu, ndipo akanafika naye msanga mwayi unalipo. Edina anaperekera umboni ali ndi mwana wamkazi kumbuyo, nafotokoza za benchi, za chigayo, za zonse. Panalibe chigololo chimene chinapezeka. Woweruza anapeza Stafford wolakwa pa mlandu wakupha, namulamula kukakhala kundende zaka makumi awiri ndi zisanu. Asanagamule anamufunsa ngati ali ndi mawu odandaula.

"Bwana, kumenya ndinamenya, ndipo ndikupepesa," anatero Stafford modekha. "Koma wodwala uja ankapeza bwino. Anangomuchotsa msanga m'manja mwanga."

Woweruza anamuyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati ndi chinyengo. Sichinali chinyengo.

Anthu amati Redson anaphedwa ndi nsanje, ndipo n'zoona kuti nsanje ndi imene inatukula mpini. Koma nsanje inagwira ntchito yake kamphindi chabe n'kuchoka. Chimene chinamugoneka pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka ndi bodza limene mwini wake anali atasiya kulidziwa kuti ndi bodza. Wonamiza anzake mungathe kumugwira, ndipo akagwidwa amachita manyazi. Wodzinamiza yekha, ngakhale atsekeredwe, amalowa m'chitolokosi akudabwabe kuti anthu sanamuthokoze.