Ndikukhululukire Chiyani?

Panyumba pa a Kamen, m'mudzi wa Brezov Dol kumapiri a Bulgaria, panalibe chosowa chenicheni. Bambowo ankaweta njuchi, ming'oma makumi atatu pamtunda wa kuseri kwa mudzi, mkati mwa mpanda wa waya. Akazi awo, a Velichka, ankaimba kutchalitchi Lamulungu lililonse. Mwana anali mmodzi, Momchil, wa zaka makumi awiri, ndipo anamulera bwino. Anadziwa kupemphera asanadziwe kuwerenga.

Kumtundako kunkakhala a Ignat, mlonda wa ming'oma, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Ali mnyamata anakhalapo m'ndende zaka zitatu chifukwa choba mahatchi, ndipo mudzi sunaiwale. A Kamen okha ndi amene anawapatsa ntchito. Makiyi a mpanda analipo atatu: wa a Kamen, wa a Ignat, ndi wa Momchil.

Momchil sanayambe ndi kuba. Anayamba ndi kudzuka mochedwa. Kenako masana ake anayamba kuthera kubala ya pafupi ndi siteji ya basi, kumene munthu wina dzina lake Zlatin, mwini galimoto yoyera yonyamula katundu, ankamugulira kachasu wa mphesa.

"Dzuwa lili pamutu, iwe ukununkha mowa," anatero a Kamen tsiku lina. "Tandiuza, amene amakugulirayo akufuna chiyani kwa iwe?"

"Ndi mnzanga chabe, bambo."

"Munthu wa zaka makumi anayi, mnzako? Bwanji sagulira ine?"

"Musiyeni mwana," anatero a Velichka. "Akukula, adzasiya yekha."

Zlatin anadikira mpaka mu Januwale kuti anene chimene ankafuna.

"Kalonga wa njuchi!" anatero akumuthirira m'tambula. "Ming'oma makumi atatu, koma ngakhale njinga yamoto ulibe. Madala ako ndi olimba, mphwanga. Cholowa chako udzachilandira mano atatha m'kamwa."

"Nanga nditani?"

"Isanu yokha. Ndi yako kale, ukungoitenga msanga. Kuzizira kuno njuchi zili phee, ine ndingotseka pakhomo pa mng'oma n'kukweza. Iwe sukhudza kanthu, ndalama zako ndidzakubweretsera. Undibwereke kiyi, ndipo nkhalamba yolonderayo uichotsepo theka la tsiku."

"Nanga akadziwa?"

"Adziwe bwanji? Chinthu chikasowa m'mudzi muno, maso amapita kwa ndani? Kwa mwana wa mayi woimba m'tchalitchi?"

Momchil anaseka. Tsiku anasankha yekha: pa 10 Febuluwale, tsiku la Haralampi Woyera, pamene woweta njuchi aliyense amakhala m'tchalitchi ndi mabotolo a uchi oti adalitsidwe.

M'mawa wa tsikulo anakwera kumtunda. "Bambo akuti mukwere basi, mukatenge shuga wodyetsa njuchi kusitolo ija ya kutauni," anauza a Ignat.

"Lero? Bwanji sanandiuze dzulo?"

"Anaiwala."

A Ignat anavala chikhoti chawo n'kutsika.

M'tchalitchi Momchil anaima kutsogolo kumene, poti aliyense amuone, kandulo ili m'manja. Anaimba mokweza kuposa masiku onse. Nthawi imeneyo Zlatin anali kumtunda, ndipo sanatenge isanu. Anatenga ming'oma khumi ndi isanu ndi itatu.

Masana a Kamen anaima pampanda akutembenuza loko m'manja. Sanali wothyoledwa.

"Munali kuti, a Ignat?"

"Kutauni. Mwana wanu anandituma shuga. Si uyu m'thumbamu."

"Ine?" anatero Momchil. "Ine ndinali m'tchalitchi, bambo. Mudzi wonse unandiona."

"Nanga m'mawa, mapemphero asanayambe?"

"Ndinali m'nyumba. Funsani amayi."

A Velichka anati inde, mwana anali m'nyumba, ndipo ankakhulupirira zimene ankanenazo. Apolisi anabwera, analemba, anafufuza mbiri yakale ya a Ignat, n'kuwauza kuti asachoke m'mudzi. A Kamen sanawachotse ntchito, komanso sanawaikire kumbuyo. Anangoyamba kukhala chete patebulo, maso ali pa mwana wawo.

Zlatin sanaonekenso, ndipo zimene analonjeza sizinafike. Momchil anasiya kupita kubala. Chakudya sichinkalowa. Mayi wa musitolo akamufunsa kuti ali bwanji, ankaganiza kuti akumuyesa. Anthu awiri akasiya kulankhula iye akudutsa, ankaona ngati amanena za iye. Chisoni anali nacho ndithu, koma akanati adzifunse bwino, akanapeza kuti ankamvera chisoni munthu mmodzi yekha, iye mwini.

N'chifukwa chake anadikira Lamulungu lopepesana ngati wodwala wodikira mankhwala. Ndi Lamulungu lomaliza Lenti isanayambe, pamene ang'ono amapita kwa akulu, kuwapsompsona dzanja n'kunena kuti, "Ndikhululukireni," ndipo mkulu amayankha kuti, "Wakhululukidwa, Mulungu akukhululukirenso." Palibe amafunsa kuti cholakwacho n'chiti. Momchil anaona kuti apa mpamene akanatula katundu wake yense popanda womasula mtolo.

Patebulo panali tchizi, mazira owiritsa ndi buledi wa mafuta. Asanadye, Momchil anagwada pamaso pa amayi ake, ndipo misozi inatuluka yokha, yeniyeni.

"Ndikhululukireni, amayi, zonse zodziwa ndi zosadziwa."

"Wakhululukidwa, mwana wanga," anatero a Velichka, nawonso akulira. "Mwaona, bambo? Ndinkanena ine kuti adzasiya yekha."

A Kamen anapereka dzanja lawo mochedwa. "Chaka chatha mawuwa unawanena maso ali pa tchizi. Chaka chino ukulira. Chasintha n'chiyani?"

"Ndakula, bambo."

"Wakhululukidwa," anatero iwo. "Tsopano kusanade kwera kumtunda. Kuli munthu wamkulu kumeneko, ndipo lero palibe amene wapitako."

Momchil anatenga lalanje monga mwa mwambo n'kukwera. Anapeza a Ignat akusoka nsapato pafupi ndi mbaula.

"Ndikhululukireni, a Ignat."

A Ignat sanapereke dzanja. "Ndikukhululukire chiyani?"

"Zonse. Zodziwa ndi zosadziwa."

"Zosadziwazo usiyire Mulungu. Ine ndikufunsa zodziwa. Tchula chimodzi."

"Mwambo sutero."

"Mwambo ndikuudziwa, ndinabadwira konkuno." Anaika nsapato pansi. "Ine pa mlandu wa mahatchi ndinalira kuposa iwe. Ndinalira kwa apolisi, ndinalira kwa oweruza. Ndinkalirira khosi langa. Nditatuluka m'ndende m'pamene ndinapita kwa mwini mahatchi, popanda wondituma, kukanena kuti ndine ndinaba. Tsiku limenelo sindinalire. Sindikukumana chikhululukiro, mwana iwe, chilipo ndipo n'chako. Koma ndingakhululuke bwanji chinthu chimene mwini wake akuti sichinachitike? Ukanene pamaso pa abambo ako, kenako ubwere."

Momchil anatsika atakwiya. Iye anadzichepetsa, anakwera phiri, ndiye amuchite zimenezi? Amayi ake atamufunsa, anati, "Akana kundikhululukira." Sananame, koma pofika mawa lake mudzi wonse unali utamva kuti mbava ija yakaniza chikhululukiro pa tsiku lopatulika. Amene ankakayika anasiya kukayika. Lachitatu apolisi anabwera n'kuwatenga a Ignat.

Sabata imeneyo Momchil anasala masiku atatu oyamba a Lenti osadya kanthu, osamwa ngakhale madzi, monga amachitira agogo ochepa olimba mtima. Azimayi a kutchalitchi ankamuloza pouza ana awo. Loweruka anapita kukaulula machimo. Anaweramitsa mutu, wansembe anamufunditsa nsalu yake, ndipo anatchula ulesi, mowa, ndi kuyankha makolo mwamwano.

"Pali munthu amene akuvutika lero chifukwa cha iwe?" anafunsa wansembe.

"Ndakhumudwitsa amayi ndi mowa."

"Umenewo wanena kale. Ndafunsa funso lina."

Pansi pa nsaluyo panatentha. "Palibe, bambo."

Wansembe anamupempherera. Momchil anatuluka akumva kupepuka, ndipo kupepukako kunatha atangoona basi ya kutauni itaima pasiteji.

Kuyambira pamenepo mawu ake anali akuti mawa. Ndidzanena mawa. Ndidzanena amayi akapeza bwino, poti akudandaula mutu. Ndidzanena Pasaka ikadutsa, ndisawaonongere chikondwerero. Mwina apolisi adzawamasula okha, poti umboni ndi wochepa. Tsiku lililonse ankayatsa kandulo m'tchalitchi n'kupempherera a Ignat powatchula dzina, ndipo ankaona ngati wachitapo kanthu.

Patatha masabata atatu a Kamen anapita kukaona mkaidiyo. Atabwera anakhala pampando osavula chipewa.

"Akutsokomola," anatero. "M'chipindamo mukuzizira."

"Anenapo chiyani?" anafunsa a Velichka.

"Afunsa ngati njuchi zotsala tazipatsa shuga."

"Za Momchil?"

"Palibe. Ine ndinafunsa kawiri. Anati zonena zawo ananena kale pampanda, zotsala mwini wake ali ndi pakamwa."

Momchil anadzuka patebulo asanamalize kudya. M'mawa mwake anavala malaya oyera, anatenga chikhoti chokhuthala, poti ankadziwa kuti akaulula akagona kupolisi, n'kuyamba ulendo wa kumtunda kumene abambo ake anali atalawirira. Mawu anali atawakonza, ndipo ulendo uno anali mawu enieni. Atafika pa mtengo wa mtedza wa pakati pa njira anaima. Anakhala pamwala kuti apume. Anadzuka, anayenda pang'ono, anaimanso. Ali chiimire choncho, galimoto ya apolisi inamudutsa ikukwera, ndipo a Velichka anali pampando wakumbuyo akuwalozera njira.

Zlatin anali atagwidwa m'boma lina akugulitsa ming'oma yokhala ndi chizindikiro cha a Kamen chootchedwa pathabwa. Sanadikire kufunsidwa kawiri. Anatchula dzina la womubwereka kiyi, tsiku, ndi bala imene anapanganiramo.

Momchil anafika pampanda akuthamanga. "Bambo, ndimabwera kudzanena! Lero lomwe! Taonani, ndatenga ndi chikhoti chomwe!"

A Kamen anayang'ana chikhoticho. "Mwina," anatero. "Mwina ndi zoona. Koma wakhala ndi pakamwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene wanena ndi Zlatin."

Momchil anagwada pamaso pa amayi ake m'matope. "Ndine ndinapereka kiyi. Ndine ndinatuma a Ignat kutauni. Ndinawanamizira, ndipo inu ndinakusandutsani mboni yabodza. Ndikhululukireni, amayi." Misozi inali chuchuchu.

A Velichka, amene anamuikira kumbuyo moyo wake wonse, anabisa manja awo m'thumba la chikhoti.

"Tsiku lija unalira chonchi," anatero motsitsa mawu. "Nkhope yomweyi, mawu akunjenjemera chimodzimodzi. Ine ndinakhulupirira, ndipo ndinauza mudzi wonse kuti munthu wosalakwa ndi wouma mtima. Tandiuza, mwana wanga, lero ndisiyanitse bwanji?"

Ngakhale Momchil mwini wake sankadziwa ngati akanapitirira mtengo wa mtedza uja galimoto ikanapanda kubwera.

A Ignat anamasulidwa sabata yomweyo. A Kamen anakawatenga okha n'kuwapepesa, akutchula cholakwa chawo: anakayikira mwana wawo kuyambira tsiku loyamba koma anakhala chete chifukwa anali mwana wawo. A Ignat anawakhululukira, analongedza katundu, n'kupita kwa mlongo wawo kuchigwa. Chifuwa chija sichinawathere. Momchil anaweruzidwa pamodzi ndi Zlatin. Ngati analapa moona pambuyo pake, akudziwa ndi Mulungu, amene satsekera munthu khomo. Anthu a ku Brezov Dol alibe njira yodziwira.

Wachinyamata iwe, misozi si umboni wa kulapa, kusala kudya si umboni, ndipo kumva kupepuka potuluka m'tchalitchi si umboni. Munthu woopa kugwidwa amachita zonsezi, nthawi zambiri osadziwa kuti akudzinamiza. Kulapa koona kumatchula tchimo ndi dzina lake, pamaso pa munthu amene walakwiridwa, kumachotsa katundu pamsana pa wosalakwa ngakhale agwere pamsana pako, ndipo kumachitika usanakakamizidwe. Ngati lero pali munthu amene akuvutika chifukwa cha iwe, pita lero. Ukadikira kuti wina anene m'malo mwako, udzanena zoona tsiku limene ngakhale amayi ako sadzathanso kuzikhulupirira.