Ng'oma ya a Yotamu

"Reginald mwana wanga, usawachotse pa ng'oma abambo akowa. Udzachita manyazi pagulu," anatero agogo Tusekile, atagwira mkono wa mtsogoleri watsopano wa gule wa mapenenga ku Kaporo.

Reginald anaseka. "Mama, amuna anu akula. Ukawafunsa kanthu m'mawa, yankho limabwera masana."

Sankanama. A Yotamu, amene anaimba ng'oma yaikulu zaka makumi anayi, tsopano ankaiwala kuti adya kale. Tsiku lina anapezeka m'munda wa mpunga wa eni ake akufunafuna ng'ombe zimene zinafa kalekale. Namwino anafotokoza kuti ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena, koma m'mudzimo ena anali atayamba kunong'ona za ufiti. Agogo Tusekile ankadziwa zimene zimaichitikira nkhalamba anthu akayamba kuiopa. Ng'oma ija ndiyo inkakumbutsa anthuwo kuti a Yotamu ndi munthu wawo.

Reginald anawachotsabe. Ng'oma anapatsidwa Brave, mnyamata wa mikono ngati minsi.

Tsiku la mpikisano ndi gulu la ku Iponga, agogo anabwera ndi amuna awo pabwalo la sukulu, atawagwira nsonga ya malaya kuti asasochere. Alendowo atafola, mkulu wawo anakuwa: "Eni mudzi, mwambo mukuudziwa! Tilandireni ndi nyimbo ya makolo anu!"

Reginald analiza wezulo. Brave anaimenya ng'oma mothamanga ngati akupuntha mpunga. Mizere ya ovina inagundana, oimba malipenga anayang'anizana, nyimbo inafera pakhosi.

"Kaporo, bwererani kumadimba!" anaseka amayi a ku Iponga.

Pamenepo agogo anamva malaya akukokeka. A Yotamu anali ataimirira.

"Bambo, khalani pansi, akusekani!" ananong'oneza agogo. Koma iwo ankapita, pang'onopang'ono, mpaka anakalanda ndodo yoimbira ng'oma m'manja mwa Brave. Atayesa kuinyamula, ng'omayo inawalemera. Anayang'ana Reginald ngati mlendo.

"Iwe wa wezulo, gwada undigwirire."

Reginald anayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina. Anagwada m'fumbi ndi yunifolomu yake yoyera, ng'oma ili paphewa.

Du! A Yotamu anadikira. Du, du! Manja aja, amene ankalephera kumanga batani, sanaphonye ngakhale kamodzi. A Yotamu anatsegula pakamwa, nyimbo yonse inatuluka, mawu ake onse ali m'malo. Akuluakulu anadzuka pamipando n'kuyamba kuyankha. Mizere inawongoka, malipenga analira, ndipo a ku Iponga omwe anavula zipewa.

Agogo Tusekile anaponya chitenje m'mwamba n'kuimba nthungululu. "Ndi amuna anga amenewo! Muwaone bwino!"

Kaporo inapambana. Anyamata ananyamula a Yotamu pamapewa kuzungulira nawo bwalo, ana asukulu akuthamangira kumbuyo. Reginald anatsala yekha pakati, maondo ali ofiira ndi fumbi, khutu lakumanzere likungolira. Kwa masiku atatu, aliyense womupatsa moni ankachita kubwereza kawiri.