Masiku 20 a Thokozire

Thokozire analowa pageti akuthamanga, nsapato imodzi ya mpira ili kuphazi, inayo ili m'manja. Anadumpha beseni la zovala, n'kutsala pang'ono kugwetsa amayi ake amene ankachapa pakhonde.

"Amayi! Andiitananso! Ku Sweden andiitananso!"

"Iwe, ukufuna undithyole msana?" anakalipa Mayi Elube. "Fotokoza ngati munthu."

Koma nawonso anali ataimirira kale, thovu likudontha m'manja.

Mtsikanayu anali ndi zaka 18, ndipo m'Biwi monse ankamudziwa ndi mwendo wake wamanzere. Mwezi wa Juni anapita kukayesedwa ku katimu kena ka atsikana ku Sweden, n'kubwerako mu Ogasiti. Tsopano mphunzitsi wa timuyo, mayi wina dzina lake Annette, anali atangomuimbira foni. Pa 18 Okutobala padzakhala masewero omaliza, ndipo kudzabwera anthu a matimu akuluakulu kudzasankha osewera.

"Akuti tikiti agula okha, ine ndingonena tsiku. Ndanena kuti Loweruka lomweli, pa 10 Seputembala!"

"Ananena zokhazo?"

"Anatinso ndione kaye zidindo za mu pasipoti. Akuti viza yangayi imandilola masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Koma zimenezo n'zazing'ono, amayi."

Nkhani ku Biwi sichedwa. Pofika Lachinayi masana, pabwalo panali posaponda. Atsikana a timu yake anabwera akuimba, akumenya zigubu. Anabweranso achibale akuchimuna, omwe aja anasesa m'nyumba bambo ake atamwalira, osasiya ngakhale wailesi. Zaka zonsezi sanabwerepo kudzafunsa ngati mwanayo ali ndi sopo. Lero ankamutcha "mwana wathu" pakamwa podzadza ndi mpunga.

Wolankhula kwambiri anali malume ake a Gilford, mlongo wawo wa Mayi Elube, amene anakhalapo ku Joni zaka zingapo. Anakhala pampando wabwino, jekete lachikopa lili pathupi ngakhale dzuwa linkaswa mtengo.

"Amalume," anatero Thokozire powapatsira madzi, "ulendo woyamba ndinakhalako masiku 70. Zimenezi sizingandivute?"

"Aaa, mphwanga, za mabodazi undifunse ine! Ukangotuluka m'dziko n'kudinditsa, basi, masiku amayambiranso. Zili ngati bandulo ya foni. Yatha, wagula ina. Ife tinkangowoloka m'mawa, kumwa tiyi tsidya linalo, masana talowanso."

Atsikana anaombera m'manja. Thokozire anavina mpaka fumbi kobo.

Mayi Elube anatuluka m'khitchini atanyamula lichero la mtedza. Analiika pansi mwamphamvu, n'kugwira m'chiuno.

"Achimwene, inu odziwa za maboda, bwanji chaka chachitatu chino simunapite ku Joni?"

Zigubu zinaleka kulira.

"Bizinesi inavuta, mlongo."

"Bizinesi yake iti? Si inu munapitiriza masiku, anakudindani chidindo choti musadzapondekonso? Munatsika basi muli ndi jekete lomwelo basi, ndalama ya minibasi ndinakulipirirani ine. Lero mufuna mundiphunzitsire mwana?"

Wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. A Gilford anayamba kufunafuna china chake m'thumba, chimene munalibemo.

"Amayi, mukundichititsa manyazi," ananong'ona Thokozire.

"Manyazi ake ati? Ine ndinalekezera Sitandade 6, za 180 zakozo sindizidziwa. Iwe unafika Folomu 4. Khala pansi apa, undiwerengere ndione ndi maso angawa. Katenge pasipoti."

Thokozire anakhala pamkeka atatupa masaya. Anaimbiranso Annette, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve, kenaka ankamasulira m'Chichewa. Annette anati kutuluka m'dziko sikufufuta kanthu. Tsiku lililonse limene uli kumeneko, amayang'ana m'mbuyo masiku 180, n'kuwerenga onse amene unakhalamo. Asapitirire 90. Masiku akalewo amachokamo okha, limodzilimodzi, akatalikira kuposa masiku 180.

Mtsikanayo anawerenga njere 90 za mtedza, n'kuziyala pamkeka. Anayang'ana zidindo: analowa pa 1 Juni, anatuluka pa 9 Ogasiti. Anakankhira njere 70 kumbali. Kamulu kotsalako, ka njere 20, kanali kochepa momvetsa chisoni.

"Tsono za Junizo sizikhala zitachokamo pofika tsiku la mpiralo?" anafunsa goloboyi wa timu, Ireen, atagwada pambali pake.

Thokozire anawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 18 Okutobala, atsikana onse akuwerengera limodzi mokweza ngati m'kalasi. Anakafika mpaka mu Epulo. Masiku 70 aja onse anali akadali m'kati.

"Tsopano werenga ngati wanyamuka Loweruka," anatero Mayi Elube. "Tione."

Thokozire anatola njere imodziimodzi. Pa 10, pa 11, pa 12... Yomaliza inathera pa 29 Seputembala. Manja ake anatsala opanda kanthu, tsiku la masewero likadali kutali. Akanayenera kubwerera asanasewere, kapena kukhalabe mozemba n'kudzatsekeredwa khomo.

Kenaka anatolanso njere 20 zija, n'kuyamba kuziyala chobwerera kuchokera pa 20 Okutobala, kuti apeze masiku awiri opakira katundu akatha masewero. Njere yomaliza inagwera pa 1 Okutobala.

"Zikutheka!" anakuwa Ireen. "Ukasewera, mwana iwe!"

Zigubu zinayambiranso. Koma Thokozire anayang'ana khamu lija, mphika wa mpunga utatha kale, anthu atamupatsa kale mauthenga otsanzika. Masabata atatu akuyendabe m'Biwi momwemo! Anatenga foni.

"A kochi, pepani. Loweruka ayi. Ndikafike kumeneko pa 1 Okutobala."

Azakhali ake ena akuchimuna anang'ung'udza kuti ndiye awaitanira chiyani.

"Anakuitanani ndani?" anayankha Mayi Elube. "Mwadya, tsukani mbale."

Loweruka m'mawa Thokozire anali pagalaundi ya fumbi kuseri kwa magalaja, akuthamanga mozungulira. Anyamata owotcherera zitsulo anamuona, n'kuvula magalasi awo akuda.

"Eee, a Sweden! Mwabwerako kale? Ndege yake inali ya kabaza?" anakuwa mmodzi wa iwo.

Thokozire sanaime mpaka anamaliza kuzungulira. Kenaka anaika mpira pansi, n'kuloza wamkamwa kwambiri uja.

"Ase, taimani pagolo apo. Mukagwira umodzi mwa isanu, ndikubweretserani chipale chofewa m'jumbo."

Mnyamatayo anaima pakati pa miyala iwiri, anzake akumuchemerera. Mpira woyamba sanauone n'komwe. Pofika wachitatu anali atabisa nkhope m'manja, akukuwa kuti wavomera, ndipo Thokozire anali akubwerera kale m'mbuyo kuti amenye wachinayi.