Kondwani Akadali M'phanga

Shifa anali mtsikana wa ku Kapata, mu Chipata. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mlongo wake Haidar achire.

Haidar anali wamng'ono kwa Shifa. Ankadwala chifuwa chachikulu. Ankatsokomola m'mawa. Ankatsokomola madzulo. Anaonda mpaka malaya ake anam'kulira. Abale inu, mwanayo ankamvetsa chisoni!

Adokotala anapereka mapiritsi. Anati, "Azimwa tsiku lililonse. Asadumphe tsiku. Akadumpha, matendawa adzabwerera mwamphamvu."

Koma Haidar anatopa nawo mapiritsi. Ankamuchititsa nseru. Akangowaona, ankatseka pakamwa kuti gwa! Amayi ankamunyengerera. Amayi ankamukalipira. Pakamwa panali potseka basi. Bambo awo anali kutali, ankayendetsa lole.

Amayi awo dzina lawo linali Mwasiti. Ankagulitsa masamusa pamsika. Ankakulunga masamusawo m'mapepala akale. Mapepalawo ankawasunga m'katoni, kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina Shifa anapisa dzanja m'katonimo. Anapeza buku. Linali lakale. Linalibe chikuto. Mphemvu zinali zitadya m'mbali mwake. Koma linali lolembedwa m'Chinyanja, ndipo inali nthano!

"Amama, ndipatseni bukuli," anatero Shifa.

"Tenga, mwanangu," anayankha amayi. "Masamba amene wawerenga kale uzindipatsa. Ndizikulungira masamusa."

"Chabwino, Amama."

Shifa anakhala pambali pa mphasa ya Haidar. Anayamba kuwerenga mokweza.

Bukulo linkanena za mnyamata wina, dzina lake Kondwani. Kusukulu ya Kondwani kunasowa belu. Palibe amene ankadziwa wakuba. Kondwani anati alipeza yekha. Anatenga galu wake. Koma galuyo, ha! Anali wamantha zedi. Ankathawa nkhuku. Ankathawa achule. Tsiku lina anathawa mchira wake womwe.

Haidar anaseka. Anaseka mpaka anatsokomola. Panali patapita nthawi yaitali asanaseke.

"Pitirizani, achemwali," anatero.

Shifa anatseka buku. "Mapiritsi kaye, kenako tsamba," anatero.

Haidar anayang'ana mapiritsi. Anayang'ana buku. Anatsegula pakamwa, n'kumeza.

Kuyambira tsikulo zinkayenda choncho. Shifa akaweruka kusukulu, ankathamangira kunyumba. Mapiritsi kaye, kenako tsamba. Mapiritsi kaye, kenako tsamba. Akamaliza, ankaika nthenga ya nkhanga pamene asiyira.

Kondwani anatsatira mapazi a wakuba. Anawoloka mtsinje. Anakwera phiri. Lachinayi, Shifa anawerenga malo oopsa. Kondwani analowa m'phanga. Anaona belu lija lili pansi. Mwadzidzidzi chimwala chinagubuduka. Chinatseka pakhomo pa phanga. Munali mdima bii! Galu anatsala kunja. Kondwani anatsala yekha mkati.

"Kodi atuluka?" anafunsa Haidar. Maso ake anali atakula.

"Timva mawa," anatero Shifa.

Lachisanu, Shifa anabwera akuthamanga. Anatunga madzi m'kapu. Anatenga mapiritsi. Anatenga buku. Koma bukulo linali lopepuka.

Anatsegula pa nthenga. Kuseri kwa nthenga kunalibe kanthu. Masamba onse otsala anali atathothoka. Mathero a nthano kunalibe!

Shifa anayang'ana pansi pa mphasa. Anayang'ana m'katoni. M'katonimo munali mbee, munalibe ngakhale pepala limodzi.

"Werengani, achemwali," anatero Haidar.

"Imwa kaye mapiritsi."

"Ndionetseni tsamba."

Haidar anaona buku lopyapyala lija. Anatseka pakamwa kuti gwa! Anatembenukira kukhoma.

Shifa anayang'ana kunja. Dzuwa linali litapendeka. Likalowa, ndiye kuti tsiku ladumpha. Anapempha amayi Sesiliya, oyandikana nawo nyumba, kuti akhale ndi Haidar. Iye anatenga buku lija n'kuthamangira kumsika.

Anapeza amayi akupukuta beseni. Masamusa anali atatha onse psiti.

"Amama! Masamba a buku lija!"

"Eya, ndatenga ndine," anatero amayi akumwetulira. "Mapepala anandithera. Lachisanu anthu amagula kwambiri. Koma usadandaule. Ndatenga okhawo amene wawerenga kale. Ndasiyira pa nthenga penipeni."

"Amene ndawerenga kale?"

"Eya. Taona."

Amayi anatenga bukulo m'manja mwa Shifa. Analitsegula kuyambira kumanja. Anasonyeza pamene panali masamba othothoka aja. "Si apa poyambira?" anafunsa.

Shifa anazindikira. Amayi sanapiteko kusukulu ngati yake. Anaphunzira kumadirasa. Ankawerenga Kurani bwino kwambiri, tsiku lililonse. Kurani imayambira kumanja. Buku la Shifa limayambira kumanzere. Kumene amayi ankati n'koyambira, n'kumene nthano imathera.

"Amama, mwatenga mathero," anatero Shifa. "Sitinawerenge kumeneko. Haidar wakana mapiritsi."

Beseni linagwa pansi. Amayi anagwira pakamwa. "Kalanga ine!" anatero. "Ndam'pha ndekha mwana wanga!"

Shifa anali atakwiya. Ankafuna kukuwa. Koma ataona nkhope ya amayi, mkwiyo unatha. Panatsala mantha okha.

"Anagula ndani masamusa?" anafunsa.

"Anthu ambiri, mwanangu. Ena sindiwadziwa. Yamba kwa a Whiteson. Ine ndifunsa kumasitolo."

A Whiteson ankanyamula anthu panjinga. Shifa anawapeza pansi pa mtengo, akudikira okwera.

"Zikomo, bambo. Munagula samusa kwa amayi anga?"

"Ndagula, ndadya, ndanyambita zala," anatero a Whiteson. "Bwanji, mukufuna ndibweze?"

"Ayi. Ndikufuna pepala lake."

A Whiteson anakanda m'mutu. Analoza pansi. Pepala linalipo. Koma anali atapukutira tcheni cha njinga. Linali lakuda bii. Panalibe liwu looneka.

"Pepani, mwana," anatero a Whiteson. Tsopano sankasekanso.

Shifa anapita kwa ogulitsa tomato. Pepala lawo anali atayatsira mbaula. Anapita kwa osoka nsapato. Pepala lawo anali atataya mu ngalande. Shifa analivuula ndi kamtengo. Linaphwanyika ngati phala.

Anafunsa uku. Anafunsa uko. Ena ankamuseka. Ena ankamuthamangitsa. Miyendo yake inali mbuu ndi fumbi. Dzuwa linkatsika, linkatsika.

Kuseri kwa msika kunali dzala. Padzalapo panali mbuzi. Mbuziyo inkatafuna pepala. Shifa analizindikira!

"Siya, iwe! Siya!"

Anagwira pepala. Mbuzi inakoka. Shifa anakoka. Pepala linang'ambika. Mbuzi inameza mbali yaikulu, n'kumuyang'ana Shifa mopanda manyazi. M'dzanja la Shifa munatsala kachidutswa. Kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kanali konona ndi mafuta.

Shifa anakhala pansi n'kulira. Analira kwambiri. Kenako anapukuta misozi. Anaimirira n'kubwerera kunyumba.

Haidar anali chigonere, nkhope kukhoma. Mapiritsi anali pomwepo. Kapu ya madzi inali pomwepo. Amayi Sesiliya anapukusa mutu n'kutuluka.

"Haidar, ndapeza tsamba," anatero Shifa.

Haidar anatembenuka pang'ono. Shifa anakweza kachidutswa kaja. Anayamba kulankhula ngati akuwerenga.

"Tsiku lomwelo kunabwera asilikali. Anabwera ndi chigalimoto chachikulu. Anakoka chimwala. Kondwani anatuluka. Anthu onse anaomba m'manja. Kenako..."

"Mukunama," anatero Haidar.

Shifa anasiya.

"Kapepala kakang'ono choncho? Mawu onsewo? Mukunama, achemwali."

Shifa anaweramitsa mutu. "Ndanama," anatero. "Pepa. Masamba aja kulibe. Anakulungira masamusa. Lina yadya mbuzi."

Haidar anatsokomola. Anatsokomola nthawi yaitali.

"Ndiye kuti Kondwani afera momwemo," anatero ndi mawu aang'ono. "Palibe womutulutsa. Inenso sindituluka muno. Ndikudziwa."

Mawuwo anamulasa Shifa mumtima. Sanadziwe kuti mlongo wake amaganiza zotere. Anachita mantha kuposa kale.

Nthawi yomweyo amayi analowa. Anali chimanjamanja. Anagwada pafupi ndi mphasa.

"Ndalakwa ndine, mwanangu," anatero. "Ndinayesa ndikutenga zimene mwawerenga. Imwa chifukwa cha ine, Haidar. Chonde."

Pawindo, dzuwa linali litakhudza phiri.

Shifa anayang'ananso kachidutswa kaja. Anali asanakawerenge n'komwe. Anakasendeza pawindo. Mafuta anali atafufuta mawu ambiri. Koma mzere umodzi unkaoneka.

"Haidar," anatero. "Pano pali mawu enieni. Sindikunama. Uone wekha."

Haidar ankadziwa kuwerenga pang'ono. Anadzuka movutikira. Anaika chala pakapepalapo. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Ga-lu... a-na-ya-mba... ku-ku-mba."

Anawerenganso. "Galu anayamba kukumba."

"Galu wamantha uja?" anafunsa.

"Yemwe uja," anatero Shifa.

"Wothawa achule uja?"

"Yemweyo. Sanathawe. Ali kunja, akukumba."

Haidar anaganiza. "Yekha sangathe," anatero. "Chimwalacho n'chachikulu."

"Sangathedi," anavomera Shifa. "Nanga Kondwani atani? Ine sindikudziwa. Buku latha."

Haidar anakwinya nkhope. Kenako maso ake anawala.

"Belu!" anatero. "Belu lili m'phanga momwemo! Atenge mwala. Alimenye. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Anthu amva!"

"Amva ndani?" anafunsa amayi mwachangu.

"Ana asukulu. Ayesa nthawi yolowa m'kalasi yakwana. Athamanga onse. Akwera phiri atanyamula mabuku!"

Shifa anaseka misozi ili m'maso. "Kenako?" anafunsa.

"Kenako aona galu. Kenako..." Haidar anatsokomola. Mawu anam'thera. Anapuma. Anayesanso. Chifuwa chinam'gwiranso.

Shifa anatenga kapu. Anatenga mapiritsi. Anangowaika pafupi.

Haidar anawayang'ana. Anayang'ana amayi. Anayang'ana Shifa.

"Ndikapanda kumwa, sindimaliza," anatero. "Kondwani akudikira ine."

Anatsegula pakamwa. Anameza. Anamwera madzi onse.

"Alhamdulillahi!" anatero amayi, kuthokoza Mulungu. Anam'kumbatira mwana wawo. Anam'kumbatiranso Shifa. Dzuwa linali lisanalowe.

Madzulo amenewo Haidar anamutulutsa Kondwani. Ana anakumba ndi manja. Aphunzitsi anakumba ndi rula. Amayi anati kunabweranso mayi wina ndi beseni la masamusa, kuti okumba asakomoke. Chimwala chinagubuduka. Kondwani anatuluka. Galu anamuona ali mbuu ndi fumbi, n'kuthawa!

Wakuba uja anali asanapezeke. Choncho mawa lake anapitiriza nthanoyo. Mkuja anapitirizanso. Haidar ankakamba. Shifa ankafunsa. Masiku ena Haidar ankadwala kwambiri. Ankangonena mawu ochepa. Koma sanadumphe tsiku.

Dzinja linafika. Mapiri a Chipata anabiriwira. Amayi anatenga ana awo kupita kuchipatala. Adokotala anam'pima Haidar. Anamvetsera pachifuwa. Anamvetsera kumsana.

"Mwana wachira," anatero.

Amayi anakhala pansi ndi chimwemwe. Shifa anagwira dzanja la Haidar mwamphamvu.

Pobwerera, Haidar anataya dzanja la Shifa. Anayamba kuthamanga. Anadumpha chithaphwi. Anadumphanso china.

"Pang'onopang'ono, iwe!" anakuwa amayi. Ankaseka, ankaliranso.

Shifa anam'thamangira. Anathamanga ndi mphamvu zake zonse. Koma sanathe kum'peza Haidar.