Hatchi Yopanda Nambala

Madzulo a tsikulo ndinayamba ndi kusesa, monga masiku onse. Timapepala ta anthu oluza tinali mbwee pansi, fungo la thukuta ndi fodya litakanirira m'makoma. Ndinkagwira ntchito m'nyumba yobetchera mahatchi, masana kusesa, usiku ulonda. Pogona panga panali m'kachipinda kakumbuyo, pamodzi ndi ndowa ndi zokolopera.

Mahatchi ake sanali amoyo. Anali a pakompyuta, othamanga pa sikirini yaikulu ya pakhoma. Mpikisano wina ukatha, wina unkayamba. Lamulo la pamalopo linali limodzi: makina sazimitsidwa. Ankati ukawazimitsa amasokonezeka, mpaka kuitana amisiri akutali. Choncho tikatseka, mahatchiwo ankathamangabe m'chipinda chopanda munthu, wolengeza akukuwa yekha mpaka kucha. Kuti ndipeze tulo, ndinkadziphimba kumaso ndi mpango wa malemu mkazi wanga.

Unali wachikasu, wa timaluwa tofiira, pakona utapsa ndi simbi. Anauvala tsiku limene tinachoka kwathu tili achinyamata, tikunamizana kuti tingogwira ntchito pang'ono kenaka tibwerera. Zaka zinatha, imvi zinabwera, iye anagona m'manda a kuno. Zovala zake abale anagawana. Ine ndinatsala ndi mpangowo, ndipo kafungo ka mafuta ake a m'tsitsi kanali kasanatheretu.

Woyang'anira nyumbayo anali mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga. Tinamulera ndife atatitsatira kuno ali mnyamata. Ankatsimphina mwendo wamanzere chigwereni pa njinga yamoto. Mawu oti "alamu" anawasiya pamaliro pomwe. Kuyambira pamenepo ndinali "mdala iwe".

Mawa lake kunali mpikisano waukulu wa chaka, wa mahatchi enieni, kudziko lakutali. Koma madzulo amenewo kompyuta inkayamba yawathamangitsa kaye, mahatchi omwewo, ndipo anthu ankabetcha ngati ndi zoona. Nyumba inadzaza. Mayina enieni a mahatchiwo ankatipinda lilime, ndiye tinawapatsa athu.

"Mphezi watenga kale uyu," anatero wa takisi, akumenya sikirini ndi chikhatho. "Mwaiona miyendo?"

"Iwe galimoto yako yolira ukaikankha, liwiro ungalidziwe?" anamuyankha telala. "Agogo amanyamuka ngati akuperekeza maliro, koma adikireni pokhota pomaliza."

"Agogo akamafika ife titakwatitsa zidzukulu," anatero wometa. "Ine ndili pa Mlendo. Ameneyo matope saopa."

"Mvula ya m'kompyuta inanyowetsapo ndani?" anafunsa telala.

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Aliyense anali atayikapo zimene sakanatha kukazifotokoza kunyumba. Mlamu wanga nayenso mtima wake unali pa Mphezi, ndipo ankangozungulira, kukalipira aliyense.

Anaona zidindo za zala pa sikirini.

"Mdala iwe! Anthu aonera bwanji pa galasi lonona chonchi?"

Ndinamuuza kuti sanza zonse ndazichapa, zikadali zonyowa. Analowa m'kachipinda kanga, natuluka ndi mpango uja m'manja.

"Alamu, umenewo ayi," ndinatero. "Ndi wa achemwali anu."

"Achemwali anga unawakwirira kudziko la eni ngati chiweto. Lero ukulirira kansalu?"

"Anasankha okha kugona kuno, pafupi ndi ine."

"Pafupi ndi iwe!" Analavulira pa mpangowo, napukuta sikirini yonse, uku ndi uku. Atatha anapukutira nsapato zake, naupanikiza m'thumba lakumbuyo. "Mawa mpikisano weniweni ukangotha, unyamule tikatundu tako. Ndatopa kuona nkhope yako."

Wa takisi yekha ndiye anaseka.

Belu linalira, mahatchi ananyamuka. Mphezi anatsogola mpaka pokhota, Mlendo ali pambali pake. Kenaka Agogo anatulukira kunja, nawadutsa onse. Telala anavina pa mpando. Mlamu wanga anakankha ndowa yanga ndi mwendo, natukwana, nathamangitsa anthu nthawi isanakwane. Anachoka ndi mpango uja, kona yake yopsayo ikulendewera m'thumba.

Ndinatseka chitseko. Ndinapingasa chitsulo cha m'kati, chimene munthu wakunja sangachichotse ngakhale ali ndi makiyi. Ndinakagona.

Tulo sitinabwere. Kumaso kunalibe chophimba, ndipo kuwala kwa sikirini kunkalowa pansi pa chitseko, kubiriwira, kuthima, kubiriwira. Ndinkaganiza za kumene ndikagone mawa. Ndinkaganiza za khonde la kwathu, limene mwina linagwa kalekale.

Kenaka ndinazindikira kuti wolengeza uja wasiya kulankhula.

Munthu ameneyo sankapuma. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanamumvepo atatseka pakamwa. Koma tsopano kunali ziboda zokha. Gudu, gudu, gudu. Ndipo sizinkachokera pakhoma. Zinkachokera pansi. Madzi otsala m'ndowa ankanjenjemera.

Ndinadzuka. Nditatsegula chitseko cha kachipindako, fungo linandilandira. Udzu wonyowa. Ndowe. Thukuta la nyama.

Pa sikirini panali mpikisano waukulu uja. Makinawo sabwereza mpikisano, koma unali womwewo. Mphezi kutsogolo, Mlendo pambali, Agogo akubwera chapansipansi. Kumbuyo kwa onsewo kunali hatchi ina imene madzulo kunalibe.

Inalibe nambala. Inali yaifupi, ya mutu waukulu, yothamanga moipa. Inkatsimphina mwendo wamanzere wakumbuyo.

Wokwerapo sanavale chipewa cholimba ngati anzake. Anakhala chambali, miyendo yonse mbali imodzi, monga amakhalira mayi wodzilemekeza akanyamulidwa pa njinga. Tsitsi lake la imvi linali pamtunda. Mkazi wanga sankatuluka panja mutu uli pamtunda.

Zingwe zimene anagwira zinali zachikasu, za timaluwa tofiira.

Ndinagwira kauntala.

Analibe chikwapu. Ankaimenya ndi chikhatho pa ntchafu, pha, pha, mosapupuluma, monga mkazi wanga ankachitira ndi mlongo wake uja akabwera kunyumba ataledzera. Mahatchi ena anafika pomalizira, nazimirira. Iyo sinaloledwe kuima. Anaikhotetsa, inayambanso kuzungulira bwalo. Inkapuma movutika, ndipo kupumako sikunali kwa hatchi. Mkati mwake munali mawu, ngati munthu wofuna kunena "pepani" atamangidwa pakamwa.

"Mayi," ndinaitana motsitsa, monga ndinkamuitanira m'mawa uliwonse.

Wokwerayo anapendeketsa mutu pang'ono. Ndinaona khutu, ndi mbali ya tsaya. Asanamalize kucheuka, chithunzi chinasunthira pa miyendo ya hatchi.

Swichi ya makina inali kuseri kwa kauntala. Ndinaifikira. Chala changa chinakhala pamenepo. Hatchi ija inapunthwa, inagwa chamawondo, nidzutsidwanso ndi zingwe. Inayang'ana kwa ine ndi diso limodzi lofiira.

Ndinachotsapo chala. Alamu anga ananena okha, kambirimbiri: makina sazimitsidwa.

Ndinakoka mpando wa telala, ndinakhala. Ulendo uliwonse akamadutsa pafupi ndinkayembekezera kuti acheuka. Sanacheuke. Ndinaona msana wake wokha, ndi mmene ankakwezera phewa lamanja. Sindikudziwa kuti tulo tinandiba nthawi yanji.

Ndinadzidzimuka ndi kugogoda. Kunja kunali kutayera. Wolengeza anali atayambanso phokoso lake, mahatchi wamba akuthamanga ngati palibe chachitika. Wogogodayo anali mayi wa pakauntala, wabwera kudzayamba ntchito. Ndinachotsa chitsulo chija, ndinatsegula.

Sanandipatse moni. Anayang'ana kumbuyo kwanga, nagwetsa chikwama, nakuwa.

Pansi pa sikirini panali mlamu wanga, atagwada ndi manja ndi mawondo. Anali ndi kabudula wogonera yekha. Mawondo ndi zikhatho zinali zosupuka, matope mpaka m'zigongono, timaudzu titamatirira pachifuwa. Msewu wathu wonse ndi wa phula, udzu kulibe. Thovu linali litaumira pachibwano. Mpango uja unadutsa m'kamwa mwake, numangidwa kumbuyo kwa khosi ndi mfundo yaing'ono yopendekera kumanja. Mfundo imeneyo ndinkaiona tsiku ndi tsiku pa mutu wa munthu mmodzi yekha.

Anthu anakhamukira pakhomo. Wometa, telala, wa takisi, mayi wogulitsa zipatso. Palibe analowa. Ndinagwada ndekha, ndinamasula mfundoyo. M'mbali mwa milomo yake munali mutang'ambika.

"Alamu," ndinatero, "mwamaliza nawo mpangowu?"

Anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsika.

Mkazi wake anafika akuthamanga, wopanda nsapato. Analumbira kuti mwamuna wake anagona pambali pake, chitseko chili chokiya, makiyi ali pansi pa pilo. Kenaka anandiloza.

"Chitsulo cha m'kati amapinga ndani? Afunseni adalawa!"

Mpikisano weniweni unachitika masana ake. Sindikukumbuka amene anapambana.

Mlamu wanga anachira, koma pa nyumbayo sanabwererenso. Akamva kanema akuonetsa mahatchi amatseka makutu. Tikakumana mumsewu amayang'ana pansi, ndi kunena kuti, "Mwaswera bwanji, alamu?" Eni nyumba anatumiza woyang'anira wina. Ine sanandichotse, poti palibe wina amene anavomera kugona mmenemo.

Anthu a mumsewu wathu ali ndi nkhani yawo. Amanong'onezana kuti munthu uja anakweredwa usiku wonse, ndipo womukwerayo anachita kuitanidwa. Telala amawoloka msewu akandiona. Mayi wa zipatso salandira kanthu kuchokera m'manja mwanga, amati ndiyike pa tebulo. Wa takisi, amene anaseka tsiku lija, amandivulira chipewa ali patali. Ana awo anawaletsa kudutsa pakhomo pathu.

Mpango uli nane. Uli ndi mabowo a mano pakati, ndipo ndinachita kuuchapa ndi sopo, moti kafungo kaja kanatheratu. Masiku ano sindidziphimba nawo. Tikatseka ndimaupinda pa mawondo, ndikukhala pa mpando kuyang'ana kumbuyo kwa mahatchi onse, kumene kumatsalira fumbi.

Amati ndine ndinamuitana mkazi wanga, ndi kumutuma kwa mlongo wake. Anthu opanda nzeru. Ndikanakhala kuti ndimadziwa kumuitana, ndikanamutuma kwa munthu wina? Ndikanangomupempha kuti acheuke.