Lenzi Youma pa Mamita Asanu

Dzuwa linali litalowa kale pamene Webby Chilala anatsazika kwa apongozi ake, kumudzi wa cha ku Shikabeta, n'kuyamba kukankha njinga yophulika tayala kubwerera ku Mpanshya. Womuchedwetsa panalibe. Anadzichedwetsa yekha ndi matenda ake aja a kamera.

Ndi matenda ndithu, musanditsutse. Munthu mphunzitsi wabwinobwino, koma akangopita ku Lusaka ntchito inali kuzungulira m'misika kusaka malenzi akale, aja achitsulo olemera ngati mwala, amene eni ake anawataya kalekale. Malenzi amenewa sadzifunira okha nkhope ya munthu. Umachita kupotokola mkombero wake ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka nkhope ituluke bwino. Webby ankawamanga pa kamera yamakono ndi kamphete kolumikizira, ndipo ukamuuza zojambula ndi foni ankakuyang'ana ngati wamutukwana.

Ulendo wa tsikuli anamutuma ndi mkazi wake, Peggy. Peggy anali wotopa, akudikira tsiku lake kuchipatala cha mishoni, ndipo anamwino anamuletsa kuyenda. Kumudzi amayi ake, amayi Mailesi, matenda anali atawamaliza. Chithunzi chawo panalibe ndi chimodzi chomwe, kaja ka pa chitupa kanafufutika kale. Chiyambire Peggy kuzindikira, amayi akewo akaona kamera ankafunda chitenje kumutu n'kulowa m'nyumba.

"Ba Webby, pitani mukanditengere nkhope ya amama," anatero Peggy m'mawa wa tsikulo. "Olo ndi foni chabe. Mwana uyu adzawaoneko ambuye ake."

"Foni?" anaseka Webby. "Apongozi anga ndiwajambule ndi foni ngati mbuzi yogulitsa?"

Kumudziko anakapeza zimene sanayembekezere. Amayi Mailesi sanakane. Analankhula nkhope atalozetsa kukhoma, monga achitira munthu ndi mkamwini wake, n'kuuza mng'ono wawo, ba Marjory, kuti atsegule sutikesi yapansi pa bedi. Munatuluka kanthu kokulungidwa m'nsanza. Inali lenzi yakale, yakuda, utoto utasupuka m'mbali, ndipo m'galasi mwake munali kadontho ngati pamene panauma madzi.

"Ngati ndi kujambula, ajambule ndi iyi," anatero amayi Mailesi. "Inali ya atate ake a Peggy."

Za bambo ameneyu Webby ankangodziwa kuti anapita ndi madzi Peggy ali kumsana. Koma kodi anafunsanso china? Aa! Anailandira msanga n'kuiyesa pa kamera yake. Lenziyo inalowa bwinobwino pa kamphete kake. Vuto linali limodzi: mkombero unali utauma gwa. Anayesa uku, anayesa uku, osatheka. Kamzere kake kanaima pa nambala faifi, kutanthauza mamita asanu. Ndiye kuti wojambula ayende yekha ndi miyendo mpaka atalikire mamita asanu, apo ayi nkhope imatuluka ngati chifunga.

Kwa mkamwini mtunda umenewo ndi wabwino, sukuchititsa manyazi. Ba Marjory anawakhazika odwalawo pampando kunja, n'kuwaveka nsapato zawo zoyera zakutchalitchi, chifukwa kwathu kuno chithunzi chodula mapazi si chithunzi. Webby sanajambule msanga. Anati dzuwa likadali lakuthwa, adikire lifiire. Anadikiradi. Ndipo zimene zinatuluka, kunena zoona, sanajambulepo zokongola chotero chibadwire. Makwinya onse, maso onse, ngakhale kamtanda ka pakhosi. Foni inali m'thumba nthawi yonseyo, sanaitulutse.

"Gonani konkuno, apongozi," anatero ba Marjory pomuperekeza. Anayang'ana kamera inali pachifuwa chake, nayang'ana njira. "Kapena chinthucho chisiyeni, mudzachitenga masana."

Webby anakana mwaulemu. Peggy anali akudikira.

Mvula inali itagwa madzulo a dzulo lake, ndipo usikuwo kumwamba kunayera, mwezi uli mbee. Poyamba ulendo unali wokoma. Ankaima n'kuyatsa kamera, kuyang'ananso nkhope ya apongozi ake, n'kumwetulira yekha ngati chitsiru. Anadutsa minda ya chimanga. Anadutsa nyumba yomaliza, agalu anauwa pang'ono n'kusiya. Kenaka msewu unatsikira kumanda akale, pamene mitengo imakumana pamwamba.

Apa mpamene anazindikira kuti achule aleka kulira.

Anaima. Zii. Ngakhale kachilombo kamodzi. Chimene chinkamveka ndi madzi okha, kutsogolo, kumlatho.

Anakankha njinga mofulumira. Tayala lophulika lija linkangoti pwafu, pwafu, pwafu m'matope. Lamba wa kamera unayamba kumulemera m'khosi. Anadzilimbitsa mtima kuti ndi kutopa.

Mlathowo ndi wasimenti, wongokwana lole imodzi, wopanda zogwirira m'mbali. Pansi pake pali miyala, ndipo usikuwo mtsinje unali utadzaza, ukubangula. Webby anaponda pa simenti, nakweza maso…

Panali munthu!

Anali ataima m'mphepete mwenimweni, kumanja, msana atalozetsa kumadzi. Bambo wamtali, wovala kajekete kopanda manja ka matumba ambirimbiri. Chipewa chinaphimba nkhope.

"Mwachedwa, apongozi," anatero munthuyo.

Mawu ake anali otsika, aulemu. Webby anayesa kuseka. Woledzera uyu, anaganiza. Oledzera aliyense ndi mpongozi wawo.

"Ndi… ndi ulendo, atate. Ndidutseko."

"Ndijambuleni kaye."

"Usiku uno?"

"Mwezi ulipo. Tsegulani diso lonse la lenziyo, kuwala kulowe. Zigongono mukanikize m'nthiti. Mpweya muugwire."

Apa ndiye Webby anagwidwa. Woledzera wanji wodziwa zimenezi? Zaka zonse zimene anakhala ku Mpanshya sanakumanepo ndi munthu wolankhula chilankhulo chake. Mantha analipo, inde, koma matenda aja anaposa mantha. Anagoneka njinga pansi. Anayatsa kamera, naika diso pa kazenera kake koonera.

Kamera yamakono imaona mumdima kuposa diso la munthu. Simenti inaoneka, madzi kumbuyo anaoneka. Koma munthuyo anali chifunga chokhachokha. Zala za Webby zinapita zokha pa mkombero, mwa chizolowezi. Gwa.

"Suzungulira umenewo," anatero munthuyo. "Yendani ndi miyendo. Ndiponso mkamwini sayandikira chonchi. Bwererani m'mbuyo."

Webby anabwerera phazi limodzi.

"Pang'ononso."

Linanso. Chifunga chinayamba kuchepa. Matumba a kajekete anayamba kuoneka. Anali akudontha.

"Pang'ononso, apongozi."

Linanso. Chipewa chinaoneka. Chibwano. Munthuyo anali wonyowa yense, kuyambira kumutu, koma mvula sinagwe tsiku limenelo. Chotsa diso, unamuuza mtima. Yang'ana kumbuyo! Koma nkhope inali itatsala pang'ono kutuluka. Pang'ono chabe. Amene anagwirapo lenzi yotere akudziwa: pamenepo munthu sachotsa diso.

"Mapazi mwawadula. Nsapato zioneke."

Anatsitsa kamera pang'ono. Phazi lamanja linali ndi nsapato yakuda. Lamanzere linalibe. Linali lotuwa, lotupa, ngati chinangwa chimene chagonera m'madzi.

"Limodzi lokha basi."

Webby anakweza phazi. Nkhope inatuluka yonse, mwadzidzidzi, yakuthwa ngati masana. Maso aja… mphumi ija… anali maso a Peggy!

Phazi linatsika. Simenti panalibe.

Mayo!

Sanagwe msanga, ndi zimene amanena mpaka lero. Akuti anamva kaye dzanja lozizira likumuvula lamba wa kamera m'khosi, mosamala, monga amavulira mwana malaya. Kenaka mphepo. Kenaka mwala. Mwendo unati thyo! Madzi anamumeza, namulavula, namumezanso, mpaka dzanja lake linakola muzu wa mkuyu m'mphepete. Anaukumbatira muzuwo ndi manja onse awiri.

Ali pomwepo, madzi akumufika m'chifuwa, anayang'ana kumlatho. Bambo uja anali ataima pamene iye anagwera. Ayi, kupitirira pamenepo. Anaima pamalere, pamwamba pa madzi, kamera ili kumaso. Kumphepete kwina kwa mlatho, pamene bamboyo anaima poyamba, panali mayi. Wowonda. Nsapato zoyera.

"Ima bwino, Mailesi," anatero mawu aja. "Lero ndimalize."

Kamera inati tcha!

Kenaka achule anayambiranso kulira.

Anamupeza kutacha ndi ba Marjory, amene ankapita ku Mpanshya ndi amuna awiri a m'mudzi. Anaona njinga itagona pamlatho, namva kubuula kunsi. Anamutulutsa ali wotuwa ngati phulusa, mano akugundana, mwendo utapindika kolakwika. Mmodzi wa amunawo anathamangira ngolo.

"Kamera…" anatero Webby. "Ba Marjory, kamera ili pamlatho?"

Panalibe. Amunawo anafufuza m'mabango, m'miyala, mpaka kumunsi kokhotera. Ngakhale lamba.

"Nanga inu mukupita kuti m'mawa muno?" anafunsa Webby, ngakhale mtima unali utamuuza kale.

"Kukanena maliro," anatero ba Marjory. "Achemwali atisiya usiku, mwezi uli pamutu."

Webby analira ngati mwana, osachita manyazi. Kenaka anafotokoza zonse, modukizadukiza: kajekete ka matumba, chipewa, kunyowa, phazi lopanda nsapato. Ba Marjory anakhala pansi pa simenti yonyowayo.

"Lamanzere?" anafunsa.

"Lamanzere."

"Nsapato imeneyo sitinaipeze," anatero ba Marjory. "Amenewo ndi ba Whiteson, atate ake a Peggy. Ndiwo anali ojambula kuno konse, pa njinga, maukwati ndi maubatizo. Mu 1997, mlatho uno atangoumanga, achemwali anagula nsapato zatsopano, ndiye anati awajambule pano, mwana ali kumsana. Ine ndinalipo, ndinawanyamulira chikwama. Achemwali anaima apo. Ba Whiteson diso pa kamera, n'kumabwerera, n'kumabwerera, akuti nsapato zioneke. Tinakuwa, koma mochedwa. Tinawavuula patapita masiku atatu, kamera ili m'khosi."

Webby anayang'ana mlathowo, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Munthu wozolowera kuyeza mtunda ndi maso sanafunike chingwe. Anali mamita anayi.

"Ndinafuna kukuuzani dzulo," anatero ba Marjory, akupukuta maso ndi chitenje. "Koma nkhani yotere umayamba bwanji ndi mkamwini?"

Ngolo inafika kuchipatala dzuwa lili pamutu. Peggy anali atamva kale za amayi ake, uthenga wa maliro suchedwa. Anabwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira msana, maso atatupa, nakhala m'mphepete mwa bedi la mwamuna wake. Anamugwira pamphumi. Sanamukalipire. Bwenzi zili bwino akanamukalipira.

"Akuti amama anavomera," anatero.

"Anavomera."

"Anaoneka bwino?"

"Anaoneka bwino kwambiri, Peggy."

"Kamera akuti yapita ndi madzi. Palibe kanthu, inu muli moyo." Pa kabati panali foni ya Webby, anamwino ataipukuta. Inali m'kathumba kapulasitiki kamene ankaisungiramo nyengo ya mvula, ndipo inkayaka bwinobwino. Peggy anaitenga ndi manja awiri.

"Nanga umu, ba Webby? Olo kamodzi chabe?"

Webby anatembenuzira nkhope kukhoma.